Mbiri ya kujambula m'chifuwa pofufuza TB: kuchokera pa filimu kufika pa kompyuta

Pa 8 Novembala 1895, katswiri wa sayansi wa ku Germany, Wilhelm Röntgen, akugwira ntchito mu labotale yake mumzinda wa Würzburg, adatulukira kuwala kosaoneka ndi maso kumene kunkadutsa pepala, thabwa ngakhalenso mnofu wa munthu, koma n'kumatchingidwa ndi fupa ndi chitsulo. Posadziwa kuti ndi kuwala kwa mtundu wanji, adangokutcha X. Chaka chisanathe adajambula dzanja la mkazi wake, mafupa ndi mphete zikuoneka bwinobwino. Apa n'kuti patapita zaka 13 chilengezereni Robert Koch ku Berlin, pa 24 Malichi 1882, kuti wapeza kachirombo koyambitsa chifuwa chachikulu cha TB. Kuyambira pamenepo madokotala adali ndi njira ziwiri zofufuzira nthendayi: kufunafuna kachiromboko m'makhololo ndi maikulosikopu, kapena kuona pa chithunzi zimene kawononga m'mapapo. Njira ziwirizi zakhala zikulandana mpando kwa zaka zoposa 100, ndipo nthawi zambiri chimene chinkagwetsa chithunzi sichidali makina ojambulira. Vuto lidali pa wowerenga chithunzicho.

Chithunzi cha m'chifuwa ndi mthunzi chabe. Mapapo abwino ndi odzaza mpweya, kotero kuwalako kumadutsa mosavuta ndipo malowo amaoneka akuda. Nthiti, mtima, ndi paliponse pamene pali mafinya, madzi kapena chipsera pamaoneka poyera. TB imakonda kumtunda kwa mapapo, komwenso nthiti zoyambirira zimadutsana ndi fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi n'kumabisa zimene zili kuseri kwake. Komanso mthunzi sunena dzina lake. Chibayo, khansa, fumbi la mumgodi ndi chipsera cha TB imene idachira kalekale zingathe kuoneka mofanana.

Kwa zaka 40 zoyambirira kujambula kudali kwa anthu ochepa. Filimu yokwana chifuwa cha munthu wamkulu idali ya masentimita 35 m'lifupi ndi 43 m'litali, ndipo mtengo wake sukadalola boma kujambula mzinda wathunthu. Dokotala wa ku Brazil, Manuel de Abreu, ndiye adazemba vutoli mu 1936 ku Rio de Janeiro. M'malo moti kuwalako kugwere pa filimu yaikulu, adakugwetsera pa galasi lonyezimira, kenako n'kujambula galasilo ndi kamera ya filimu ya mamilimita 35. Kachithunzi kake kadali kangati sitampa ya pa kalata, koma kankakwanira kusonyeza munthu woyenera kuitanidwanso. Makinawo ankakwana m'galimoto. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati komanso itatha, asilikali, ogwira ntchito m'mafakitale ndi anthu wamba mamiliyoni ambiri adaima pamzere kudikira kujambulidwa. Kumigodi ya golide ya ku South Africa timafilimu totereti tinkagwira ntchito poyeza anthu olembedwa ntchito, kuphatikizapo Amalawi amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela.

Kampeni yaikulu imene imakumbukiridwabe idachitika mumzinda wa Glasgow ku Scotland, umene pa nthawiyo udali umodzi mwa mizinda ya TB yambiri ku Ulaya. Kuyambira pa 11 Malichi mpaka pa 12 Epulo 1957, makina oyendayenda 37, ambiri obwerekedwa kumizinda ina, adajambula anthu 714,915 m'masabata asanu okha. Uku kudali kujambula anthu atatu mwa anthu akuluakulu anayi alionse a mumzindamo. Anthu 2,369 adapezeka ndi TB ya m'mapapo. Amene adasonkhanitsa khamu lonseli si madokotala ayi, koma anthu ongodzipereka pafupifupi 12,000 amene ankagogoda khomo ndi khomo. Magalimoto a zimkuzamawu ankazungulira m'misewu, uthenga unkalengezedwa kumabwalo a mpira, ndipo aliyense wojambulidwa ankalandira baji n'kulowa m'mayere a mphoto, yaikulu kwambiri ikhale galimoto. Kampeniyi idabwera pa nthawi yake, chifukwa mankhwala a streptomycin, PAS ndi isoniazid adali atapezeka, ndipo wodwala wopezeka ankatha kuchira.

Komatu zaka 10 m'mbuyo mwake kukayika kudali kutayamba kale. Mu 1947 magazini ya madokotala a ku America ya JAMA idatulutsa kafukufuku wa gulu la C. C. Birkelo, limene mudalinso katswiri wa ziwerengero Jacob Yerushalmy. Cholinga chawo chidali chaching'ono: kudziwa ngati timafilimu tating'ono timaphonya TB kuposa filimu yaikulu. Adapatsa akatswiri asanu zithunzi za anthu omwewo kuti aliyense awerenge payekha. Zotsatira zidawadzidzimutsa. Kusiyana kwa mafilimu kudali kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa owerengawo. Pa zithunzi zokayikitsa, katswiri ankatsutsana ndi mnzake pafupifupi kamodzi pa katatu kalikonse. Atapatsidwanso zithunzi zomwezo patapita miyezi, katswiri yemweyo ankadzitsutsa yekha pafupifupi kamodzi pa kasanu. Awa sadali ophunzira kumene, adali akadaulo odziwika. Kafukufuku wina m'maiko osiyanasiyana adapeza zofanana, ndipo njira imene idalimbikitsidwa idali yoti chithunzi chilichonse chiziwerengedwa ndi anthu awiri. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma maiko ambiri a mu Africa ndi Asia ngakhale mutu umodziwo adalibe.

Umboni wina udachokera ku Kolín, boma lina la m'dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Czechoslovakia. Kumeneko anthu adajambulidwa mobwerezabwereza kuyambira mu 1961 mpaka m'ma 1970, koma odwala ambiri opezeka ndi tizirombo m'makhololo adadziwika chifukwa adapita okha kuchipatala atayamba kutsokomola, osati chifukwa cha galimoto yojambulira. Nthenda inkatha kuyamba ndi kukula pakati pa ulendo wina wa galimotoyo ndi unzake. Mu 1974 komiti ya akatswiri a TB ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO idalangiza kuti kujambula anthu mwachisawawa ndi magalimoto oyendayenda kulekeke. Mmodzi mwa ofufuza a ku Kolín, Karel Styblo, ndiye pambuyo pake adathandiza kukhazikitsa ndondomeko yodalira maikulosikopu, kaundula wa odwala ndi mankhwala a miyezi yochepa, poyamba ku Tanzania, kenako ku Malawi kuyambira mu 1984, ndi ku Mozambique. Ndondomekoyi ndi imene idabala DOTS. Kwa zaka zambiri chithunzi chidatsalira kumbuyo, chikujambulidwa pokhapokha makhololo akapezeka opanda tizirombo koma wodwala osapeza bwino. Amene adagwirapo ntchito m'chipatala cha boma zaka zimenezo akudziwa chipinda chamdima, fungo la mankhwala otsukira filimu, ndi odwala obwezedwa chifukwa mafilimu atha.

Pamene a zaumoyo ankaika chithunzi pambali, akatswiri ena, ambiri mwa iwo osaganizako n'komwe za TB, ankasintha chithunzicho. Oyamba adali amisiri a zamagetsi ndi a wailesi ya kanema. Kale dokotala wofuna kuona m'thupi zinthu zikuyenda ankayang'ana galasi lonyezimira lija m'chipinda chamdima, ndipo kuwala kwake kudali kofooka moti ankayamba wavala magalasi ofiira kwa mphindi zingapo kuti maso azolowere mdima. Mu 1948 John Coltman wa kampani ya Westinghouse ku America adafotokoza za chubu chowalitsa chithunzicho kambirimbiri, ndipo m'zaka zotsatira chubucho chidalumikizidwa ku kamera ya kanema. Chithunzi cha m'thupi chidasanduka uthenga wa magetsi wotha kuyenda pa waya kukaonekera chipinda china.

Mu 1957, chaka chomwe cha kampeni ya ku Glasgow, Russell Kirsch wa ku National Bureau of Standards ku America adalowetsa mu kompyuta chithunzi cha mwana wake wakhanda. Adachigawa m'timadontho 176 m'litali ndi 176 m'lifupi, kadontho kalikonse n'kukapatsa nambala. Nkhope ya mwanayo inkaoneka mwachimbuuzi, koma mfundo yake ndi imene makina onse a lero aimapo: chithunzi chikasanduka manambala, chingathe kuwalitsidwa, kukulitsidwa, kutumizidwa ndi kuwerengetseredwa. Mu 1964 chombo cha Ranger 7 chidatumiza zithunzi zoposa 4,000 za mwezi zojambulidwa ndi makamera a kanema, ndipo akatswiri a ku Jet Propulsion Laboratory ku California adagwiritsa ntchito kompyuta kuwongola mopindika ndi kuchotsa mizere yosokoneza. Njira zomwezo posakhalitsa adaziyesa pa zithunzi za m'chipatala.

Masamu ena ofunika adayambira kummwera kwa Africa. Mu 1956 Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, akuthandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, adayamba kuganiza mmene munthu angadziwire zamkati mwa thupi powerengetsera kuwala kodutsa kuchokera mbali zambiri. Zimene adalemba mu 1963 ndi 1964 sizidasamalidwe ndi anthu ambiri. Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI ku England adafika pa ganizo lomwelo payekha n'kupanga makina a CT, amene adajambula mutu wa wodwala woyamba pa 1 Okutobala 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London. Chithunzicho chidali cha timadontho 80 m'litali ndi 80 m'lifupi. Awiriwa adagawana mphoto ya Nobel mu 1979. Kujambula wamba kwa m'chifuwa kudatsatira mochedwerapo. Kampani ya Fuji idatulutsa mu 1983 chimbale cholowa m'malo mwa filimu, chotha kufufutidwa n'kugwiritsidwanso ntchito. Mu 1993 padakhazikitsidwa muyezo wa DICOM woti makina a makampani osiyana azitha kutumizirana zithunzi, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudabwera zimbale zotumiza chithunzi ku kompyuta m'masekondi ochepa. Chipinda chamdima chidatha ntchito. Koma chithunzi chabwino chotani chinkadikirabe munthu wochidziwa, ndipo madokotala a zojambula ku Malawi ngowerengeka pa zala.

Kuphunzitsa kompyuta kuwerenga kudatenga zaka 50. Gwilym Lodwick wa ku yunivesite ya Missouri adayesa kale m'ma 1960. M'ma 1980 gulu la Kunio Doi ku yunivesite ya Chicago lidachepetsa cholinga, lidati kompyuta isalowe m'malo mwa dokotala koma izingomulozera malo okayikitsa, ndipo mu 1998 boma la America lidavomereza pulogalamu yoyamba yotere yofufuzira khansa ya m'mawere. Mapulogalamu a nthawi imeneyo ankayendera malamulo olembedwa ndi anthu: peza malire a mapapo, zindikira nthiti, yeza kukhakhala kwa mthunzi, yerekeza kumanja ndi kumanzere. Pa TB ntchito yaikulu idachitika ku Netherlands, kumene Bram van Ginneken ndi anzake a ku yunivesite ya Radboud, mogwirizana ndi kampani ya Delft Imaging, adapanga pulogalamu ya CAD4TB. Imapereka nambala kuyambira 0 mpaka 100, ndipo nambala ikakwera ndiye kuti chithunzi chikufanana kwambiri ndi cha wodwala TB. Kuyesedwa kwake koyambirira kudachitika pa zithunzi za odwala a ku Lusaka, ndipo zotsatira zimene zidatuluka mu 2013 ndi 2014 zidasonyeza mphamvu ndi chofooka chake pamodzi. Inkagwira pafupifupi onse odwala TB, koma inkakayikiranso anthu ambiri amene adalibe.

Chimene chidasintha zinthu chidachokera kosayembekezeka, kumasewera a pa kompyuta. Kuti zithunzi za masewera ziziyenda mosadukiza, makampani adapanga tizipangizo totha kuchita masamu aang'onoang'ono miyandamiyanda nthawi imodzi. Mu 2012 Alex Krizhevsky, Ilya Sutskever ndi Geoffrey Hinton a ku yunivesite ya Toronto adagwiritsa ntchito tizipangizo tiwiri totere ta kampani ya NVIDIA kuphunzitsa kompyuta ndi zithunzi 1.2 miliyoni za agalu, magalimoto, zipatso ndi zina zotero. Sadailembere malamulo. Adangoionetsa zithunzi ndi maina ake kuti ipeze yokha zizindikiro zosiyanitsira. Pa mpikisano wa chaka chimenecho pulogalamu yawo idalakwitsa zithunzi 15 pa 100 zilizonse, pamene yotsatira idalakwitsa 26. Zaka zochepa zitapita, mapulogalamu owerenga mapapo adamangidwanso pa njira imeneyi.

Nawonso a zaumoyo adali atayamba kuchifunanso chithunzi, pa zifukwa zitatu. HIV idachititsa kuti odwala TB ambiri akhale ndi tizirombo tochepa m'makhololo, tosaoneka pa maikulosikopu. Makina a GeneXpert, amene WHO idawavomereza mu Disembala 2010, amagwira bwino koma katiriji yake inkagulidwa pafupifupi madola 10, motero pankafunika sefa yosankhira oyenera kuyezedwa. Chifukwa chachitatu ndicho cholemera kwambiri. Kafukufuku woyeza anthu m'midzi ndi m'mizinda ya maiko ambiri, kuphatikizapo amene adachitika ku Malawi mu 2013 ndi 2014, adasonyeza kuti TB ilipo yambiri kuposa imene ikufika kuchipatala, ndipo pophatikiza zotsatira za maiko osiyanasiyana, pafupifupi theka la anthu otsimikizika kuti ali nayo sankadandaula za chifuwa. Wofunsa zizindikiro zokha anthu amenewa amawadutsa. Ambiri mwa iwo chithunzi chimawagwira.

Mu Malichi 2021 WHO idavomereza kuti mapulogalamu a kompyuta angathe kuwerenga zithunzi m'malo mwa munthu pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Chaka chomwecho kafukufuku wa zithunzi pafupifupi 24,000 za ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, adapeza kuti mapulogalamu asanu amene adayesedwa adaposa madokotala a zojambula. Umboni wa pa odwala enieni udachokera ku Blantyre. Kuyambira mu Novembala 2018 mpaka Novembala 2019, pa chipatala chaching'ono cha Bangwe, kafukufuku wa PROSPECT, wotsogozedwa ndi Peter MacPherson wa ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, adagawa mwamayere anthu akuluakulu otsokomola 1,462 m'magulu atatu. Gulu loyamba lidalandira chithandizo cha masiku onse, lachiwiri lidaonjezeredwa kuyezedwa HIV, ndipo lachitatu lidayezedwa HIV n'kujambulidwanso, amene nambala yawo idakwera n'kupereka makhololo a GeneXpert. Amene adayamba mankhwala a TB adali 5 m'gulu loyamba, 8 m'lachiwiri ndi 15 m'lachitatu. Kwa wodwala wapakatikati, kudikira kudali masiku 11 m'gulu loyamba, 6 m'lachiwiri, ndi tsiku limodzi m'lachitatu. Ziwerengerozi n'zazing'ono ndipo siziyenera kusenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake. Ofufuzawo adanenanso poyera kuti mtengo wa njirayi udali wokwera poyerekeza ndi thumba la zaumoyo la dziko lino. Komabe masiku 10 si ochepa kwa munthu amene akugona chipinda chimodzi ndi ana.

MacPherson yemweyo, atasamukira ku yunivesite ya Glasgow, adafukula ndi anzake makaundula akale a mzindawo, ndipo mu 2024 adasonyeza kuti kampeni ya 1957 idafulumizitsa kutsika kwa TB, n'kupewetsa odwala oposa 4,000 m'zaka zisanu zotsatira. Izi sizikufafaniza zimene zidapezeka ku Kolín. Zikungosonyeza kuti chigamulo cha 1974 chidaphimba malo osiyana ndi chinsalu chimodzi, pamene kujambula khamu kuli ndi phindu lalikulu kumene nthenda ili yochuluka, anthu ambiri abwera, ndipo mankhwala alipo.

Kompyuta idathetsa mbali imodzi ya vuto la 1947: ikapatsidwa chithunzi chomwecho kawiri, imapereka nambala yomweyo. Mthunzi uja sunayambebe kunena dzina lake. Nambala yokwera si chilolezo choyambitsira mankhwala, ndi chizindikiro choti munthuyo apereke makhololo. Pulogalamu siyidziwanso yokha malire pamene kukayika kuyambire. Malirewo amaikidwa ndi anthu, ndipo WHO imalangiza kuti dziko lililonse liwayeze pa anthu ake. Akatsika kwambiri makatiriji amatha mwezi usanathe, akakwera kwambiri odwala amabwerera kwawo atauzidwa kuti ali bwino. Pulogalamu ikasinthidwa n'kutuluka yatsopano, nambala 60 ya lero singafanane ndi 60 ya chaka chatha. Ku Dhaka mapulogalamu onse asanu adafooka pa okalamba ndi pa anthu amene adadwalapo TB, chifukwa chipsera chakale chimakweza nambala ngati nthenda yatsopano. Chimodzimodzi bambo amene adapuma fumbi la mumgodi ku Joni zaka 50 zapitazo. N'chifukwa chake mlangizi wa zaumoyo kapena volontiya amene wafunsa kuti "Kodi mudamwapo mankhwala a TB? Mudagwirapo ntchito mumgodi?" amakhala atapeza zimene sizili pa chithunzi.

Ana osakwana zaka 15 sadaphatikizidwe m'malangizo a 2021. TB ya mwana wamng'ono nthawi zambiri siboola mapapo ngati ya wamkulu. Imatupitsa anabere a pakati pa chifuwa, amene amabisika kuseri kwa mtima ndi mitsempha ikuluikulu. Mwana satulutsanso makhololo mosavuta, motero zithunzi za ana otsimikizika kuti ali ndi TB, zimene kompyuta ikadaphunzirapo, n'zochepa kwambiri. Malinga ndi malangizo amenewo, chithunzi cha mwana chiyenera kuwerengedwa ndi munthu, pamodzi ndi sikelo, mbiri ya kutentha thupi, ndi yankho la funso loti ndani akutsokomola kunyumba.